Shamim ndi Mabotolo a Nano

Pa Mtakataka, kufupi ndi pomwe maminibasi amaima, pali benchi la usipa ndi mpunga pomwe makondakitala sachitirapo nthabwala. Mwini benchilo ndi Shamim, mayi wamtali, wowonda, wosavula mpango ngakhale kutenthe bwanji. Anthu amati ndi wolusa, ndipo sanama. Koma ife amene tinakula naye tikudziwa kuti sanabadwe choncho. Ukali umenewu anachita kumuphunzitsa.

Anabadwira kunyanja, m'banja la Chisilamu. Bambo ake, a Mwanjuma, ankakoka khoka la chilimira m'boti la eni ake, amayi ake ankayanika usipa pathandala. Shamim anasiyira sukulu Sitandade 7 n'kuyamba kuthandiza pathandalapo. Anali mtsikana wa phwete, ndipo poimba nyimbo za sikiri mawu ake ankamveka pamwamba pa anzake onse.

Clifford Nasoni ankabwera pa njinga ndi thumba la mpunga kudzasinthitsa ndi nsomba. Anali Mkhristu wa mbali ya ku Golomoti, ndipo kwawo anali ndi puloti mu sikimu ya mpunga ya Bwanje, yomwe nthawi imeneyo inali yatsopano. Atafunsira Shamim, a Mwanjuma anakana, anakananso, kenako anatopa. Ankhoswe anagwirizana za chitengwa, Shamim n'kusamukira kwa mwamuna. Anaphunzira kuwokera mbande ali m'matope ofika m'mawondo, kupirikitsa mbalame, kumweta ndi chisikilo. Apongozi ake, aNabanda, sankamukonda, koma analibe pomugwira. Mwana woyamba, Alice, anabadwa wonenepa ndipo sankadwaladwala.

Wachiwiri anali Wisdom. Asanayambe n'kukwawa komwe, zala zake zakumanja ndi zakumapazi zinatupa ngati zalumidwa ndi mavu. Ankalira osalola kumukhudza. Kuchipatala anapeza malungo, anamupatsa mankhwala, anachira. Patapita miyezi zinabweranso, maso achikasu, zikhatho zoyera ngati pepala. Anamuwonjezera magazi. Anachira, anadwalanso. Moyo wake wonse unali umenewo.

Apa ndi pomwe aNabanda anapeza pomugwira.

“Kwathu kuno matenda otere kulibe,” ankatero ali pakhonde, mokweza kuti oyandikana nawo amve. “Awa ndi magazi a kunyanja. Anthu osunga majini m'mabotolo, ukawatengera mwana, amabwera nawo pa ukwati.”

Shamim ankayang'ana mwamuna wake, Clifford n'kumayang'ana pansi, kukonza sipoko ya njinga yomwe sinawonongeke.

Wisdom anamwalira ali ndi zaka zitatu, dzuwa lili pamutu, ali kumsana kwa amayi ake pa kabaza, chipatala chikuonekera patali. Pamaliro, azimayi ena anakana kudya zomwe Shamim anagwirako. Iye anaona, n'kusunga.

Kenako kunabadwa Ulemu. Tsiku lomwe Shamim anaona tizala take tayamba kutupa, anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande. Zonse zinabwerera momwe zinalili kwa Wisdom. Tsiku lina atachokera kumunda anapeza mwanayo atatemedwa mphini pachifuwa, m'mawondo ndi m'zigongono, magazi akuchucha, mwana yemwe magazi ake anali osakwanira kale. ANabanda anali atapita naye kwa sing'anga osauza mayi wake.

“Mwandidulira mwana ndani wakulolani?” anafunsa Shamim. Aka kanali koyamba kukweza mawu pamudzi paja.

“Ndikuchotsa zomwe munamuikamo inu,” anayankha aNabanda.

“Bambo a Alice, mukumva zimenezi?”

Clifford anati, “Amayi akufuna kuthandiza basi.”

Chaka chisanathe Clifford anakwatira mkazi wina wa m'mudzi momwemo, kuti apeze ana “a magazi abwino”, monga ankanenera aNabanda. Shamim sanadikire kuti amuthamangitse. Anamanga zovala m'chitenje, anabereka Ulemu, anagwira Alice padzanja, n'kubwerera ku Mtakataka. Achimwene ake anamupatsa beseni la usipa loyambira. Benchi lija linayamba choncho.

Dzina la matendawa analimva Ulemu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mwanayo anagonekedwa akufuula kuti mafupa akuphwanyika, ndipo dokotala wachitsikana dzina lake Esther, yemwe anali atangobwera kumene, anafunsa mafunso omwe palibe anafunsapo. Kodi zala zinkatupa ali khanda? Kodi pali mwana wina anadwalapo chonchi? Atamva za Wisdom, anatulutsa kachipangizo kooneka ngati koyezera malungo, anabaya chala cha Ulemu, n'kudikira mizere.

“Mayi, mwana wanu ali ndi siko selo,” anatero Esther. “M'magazi muli timaselo tofiira tonyamula mpweya. Ta anthu ambiri n'tozungulira ndi tofewa, timadutsa paliponse. Ta Ulemu timapindika ngati chisikilo chomwetera mpunga, n'kumakodwa m'timitsempha tating'ono. Pomwe takodwapo ndi pomwe akumva kupweteka. Timafanso msanga, n'chifukwa chake magazi amamuthera.”

“Wazitenga kuti?”

“Anabadwa nazo. Zili m'majini.”

Shamim anaimirira. “Nanunso, adokotala? Ndathawa mawu amenewo kumudzi kuti ndidzawamvenso m'chipatala?”

Esther anadabwa, kenako anazindikira. “Pepani, si majini a mizimu ayi. Ndi liwu la Chingerezi. Khalani pansi ndikuuzeni bwino. M'selo iliyonse ya thupi muli malangizo a momwe thupilo lipangidwire, khungu, kutalika, magazi, zonse. Mwana amalandira malangizowo mbali ziwiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo. Munthu akalandira langizo la siko selo mbali imodzi yokha, sadwala, amangolisunga. Kuti adwale ngati Ulemu, ayenera kulandira mbali zonse ziwiri.”

“Zonse ziwiri,” anabwereza Shamim.

“Kwa inu ndi kwa bambo ake. Popanda bambo ake, mwanayu sakanadwala.”

Shamim anatambasula dzanja kuti amubaye nayenso. Mizere inaonetsa kuti ndi wosunga. Sanalire. Anangofunsa ngati Wisdom akanakhala moyo akanamuyeza chonchi. Esther anati sangalonjeze, koma mwina, chifukwa pali mankhwala oteteza. Kachipangizoko nthawi ya Wisdom kunalibe kuno.

Ulemu atatuluka m'chipatala, Shamim anakwera kabaza mpaka ku Bwanje. Anapeza Clifford ndi amayi ake akupuntha mpunga, anthu a mapuloti oyandikana ali pomwepo. Sanapereke n'moni yomwe.

“Bambo a Alice, tiyeni kuchipatala akakubayeni chala. Matenda a Ulemu ali ndi dzina, ndipo theka lake ndi lanu.”

“Ine sindinadwalepo,” anatero Clifford.

“Ngakhale ine sindinadwalepo. Tiyeni.”

ANabanda anaponya ndodo pansi. “Mwana wanga asapite kulikonse. Mwagula dokotala kuti atipake matope.”

“Amayi,” anatero Shamim, “ana anu awiri aja ali kumanda kuseri kwa tchalitchi, omwe simuwatchula, anafa ndi chiyani? Ndamva kuti maso awo anali achikasu. Nawonso anali a kunyanja?”

ANabanda anayamba kulira kuti atukwanidwa, azimayi anamugwira Shamim n'kumukankhira kumsewu. Clifford sanapite kukayezetsa. Nkhani yomwe inafala m'mudzi inali yoti mkazi wa kunyanja uja anadzatukwana akufa.

Komabe zaka zotsatira zinali zabwino koposa zonse. Esther anamulembetsa Ulemu ku kiliniki ya matendawa ku Lilongwe, ndipo anayamba kumwa haidulokisiyureya, dzina lomwe Shamim sanavutike nalo, ankangoti makapisozi a Ulemu. Panalinso mapilitsi oteteza malungo, neti, ndi botolo la madzi lomwe mwanayo sankasiyana nalo. Shamim ankadzuka m'mamawa kukapikula usipa kunyanja, masana pabenchi, ndipo tsiku la kiliniki likafika ankatseka malonda ngakhale nsomba zikhale zambiri bwanji. Ulemu ananenepa. Anayamba kutha teremu yonse osagonekedwa. Ankasewera fulaye, amayi ake akukalipa kuti apume.

Clifford ataona mwanayo wasintha, anayamba kubwera. Ankabwera ndi kathumba ka mpunga, n'kukhala pa benchi ngati mlendo. Ulemu ankawakonda bambo ake, ndipo Shamim sanafune kumumana.

Chaka chomwe Ulemu anali Sitandade 6, amayi a Shamim anathyoka chiuno ndipo anawatumiza ku Lilongwe. Panalibe wina wokawadikirira. Alice anatsala pabenchi. Za Ulemu, Clifford anadzipereka yekha: akhale kwa iye mpaka agogo atuluke. Mvula inali ikutha, udzudzu uli ponseponse. Shamim anazengereza, koma anavomera. Anamupatsa Clifford mankhwala onse m'jumbo, anamufotokozera, anamubwerezetsa ngati mwana wa sukulu.

“Musadumphitse. Akangotentha thupi, kuchipatala tsiku lomwelo. Mwamva, bambo a Alice?”

“Ndamva. Ndi mwana wanganso.”

Masiku amenewo m'misika ya kuno munkayenda munthu wodzitcha Dokotala Ezekiele. Ankabwera pa njinga yamoto, atavala gawuni yoyera, ndi chimkuzamawu, tebulo lopinda, ndi kamakina kolumikiza ku laputopu. Munthu ankagwira kachitsulo, pa sikirini n'kutuluka zithunzi za chiwindi, impso ndi mtima, zina zofiira. Kenako ankatulutsa timabotolo ta madzi a buluu. Ankati ndi Nano, sayansi yatsopano ya kunja, tinthu tating'onoting'ono tolowa m'magazi n'kukonza selo iliyonse payokhapayokha. Shuga, BP, khansa, kusabereka, zonse.

ANabanda ndi omwe anamumva koyamba pamsika. Anakoka Clifford ndi Ulemu sabata yotsatira. Ezekiele anagwiritsa mwanayo kachitsulo, anayang'ana sikirini, anapukusa mutu.

“Siko selo imeneyi,” anatero, atamva kale kwa aNabanda. “Achipatala amangoigoneka tulo. Nano amawongola maselo opindikawo, amakhala ozungulira mpaka kalekale. Koma makapisoziwo asiye. Ndi poizoni, amalimbana ndi Nano. Akayamba kumva kupweteka musaope, ndiye kuti matenda akutuluka.”

Clifford anagulitsa mbuzi n'kugula mabotolo. Jumbo ya mankhwala anaipachika kudenga. Shamim akaimba foni, Clifford ankamuuza kuti zonse zili bwino, ndipo anauza Ulemu kuti asaulule, akufuna amayi ake adzapeze wachiriratu, adzadabwe. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, wouzidwa ndi bambo ake kuti sadzamwanso mankhwala moyo wake wonse, akanakana bwanji?

Amayi a Shamim anakhalitsa m'chipatala, mwezi unatha, wina n'kuyamba. Ulemu anatentha thupi. Anamupatsa madontho a Nano. Anayamba kulira miyendo ndi msana. Clifford anaimbira Ezekiele, iye n'kuti awonjezere madontho, matenda akutuluka. Anakhala naye m'nyumba choncho, mwana akufuula, oyandikana nawo akumva. M'mawa wina Ulemu anafuna kunyamula kapu, dzanja lamanja linakana. Kamwa inali itapotokera mbali imodzi, mawu osamveka. Mkazi wachiwiri wa Clifford ndi amene anathamanga kukaitana kabaza, osapempha chilolezo kwa aliyense, ndipo ndi iyeyo anaimbira Shamim.

Shamim atafika, anapeza mwana wake akumuika magazi. Esther anamutengera panja.

“Anali ndi malungo aakulu, magazi anatsika kwambiri, ndipo mtsempha wina wa mu ubongo unatsekeka. Ndi sitiroko. Moyo tikuganiza kuti taupulumutsa. Za dzanja ndi mwendo, tiona.”

Clifford anali atakhala pa simenti pafupi ndi mpopi, jumbo ya mankhwala ili pamiyendo, yodzaza momwe anaipatsidwira. Shamim anaitenga, anaiyang'ana, anamuyang'ana iye.

“Ndimafuna achire,” anatero Clifford.

“Munandinamiza pa foni.”

“Anati ndi sayansi, make Alice. Anali ndi makina.”

“Sayansi yomwe inakupemphani kadontho kamodzi ka magazi munaikana. Iyi yokupemphani mbuzi ndiye munaivomera, chifukwa sinanene kuti vuto lili mwa inu.”

Anamusiya pomwepo. Akanakhalitsa, akuti, akanamumenya ndi chitsulo chopachikapo diripi.

Patapita masiku, Ulemu atayamba kumeza phala, Shamim anapita kwa Esther ndi botolo limodzi la buluu lija.

“Ndiuzeni zoona. Nano ameneyu alipo kapena kulibe?”

Esther anatsegula botolo, ananunkhiza. “Zomwe zili umu sindingazidziwe popanda labotale. Ine ndikuona madzi a utoto. Koma liwulo ndi lenileni, n'chifukwa chake analiba. Nano ndi muyeso wa tinthu tochepetsetsa, toti tsitsi limodzi ndi chipika poyerekeza nato. Mukudziwa mzere wofiira umatuluka pa kachipangizo ka malungo? Nthawi zambiri umapangidwa ndi timibulu ta golide ta msinkhu umenewo. Kulinso timatumba ta mafuta tonyamula katemera kapena mankhwala kulowa nawo m'maselo. Zimenezo zilipo ndipo zinayesedwa zaka zambiri. Koma madontho owongola maselo a siko selo kulibe.”

“Ndiye matendawa sachizika.”

Esther anazengereza. Shamim anaona kuzengerezako.

“Nenani.”

“Kumaiko a kunja ayamba kuchiza ena. Amatenga maselo omwe amapanga magazi, ochokera m'mafuta a m'mafupa a wodwalayo. Amapita nawo mu labotale, amakakonza malangizo aja ndinakuuzani, n'kuwabwezera m'thupi. Thupi limayamba kupanga magazi osapindika. Ndi chithandizo chowawa, cha miyezi m'chipatala, koma ambiri omwe analandira asiya kumva ululu uja.”

“Kuti?”

“Ku Amereka, ku Ulaya.”

“Kuno chifika liti?”

“Sindikudziwa, mayi. Mtengo wake ngakhale kwa iwo omwe ndi woopsa. Mutagulitsa mpunga wonse wa mu sikimu simungafikeko.”

“Odwala ambiri ali kumeneko?”

“Ayi. Ambiri ali kuno ku Africa.”

Shamim anaseka, kuseka koipa komwe Esther akuti sadzakuiwala. “Ndiye odwala ali kuno, mankhwala ali uko. Enieniwo alibe njira yobwerera kuno, koma abodzawa apeza njinga yamoto ndi mafuta. Dzina lokha ndi lomwe atitumizira, kuti mbava zitiphere ana.”



Shamim anafufuza kwa makondakitala, omwe amadziwa aliyense woyenda pa msewu wa M5, mpaka anamva tsiku lomwe Ezekiele adzakhale pamsika wa Golomoti. Anapita yekha. Anamupeza pansi pa mtengo, anthu atamuzungulira, agogo ena aamuna atagwira kachitsulo kaja. Analowa pakati, anakhala ngati akufuna kuyezetsa, n'kutsomphola chimkuzamawu.

“Anthu inu, ine ndine mayi wa Ulemu Nasoni. Mwana wanga amayenda, amalemba, amasewera. Bambo awa anauza bambo ake kuti asiye mankhwala a kuchipatala amwe madzi awa. Lero ali chigonere, dzanja lafa, kamwa yapotoka. Alipo pano amene anauzidwa kuti asiye mankhwala a shuga? A BP? Ma ARV?”

Panamveka kung'ung'udza. Mayi wina anakweza dzanja, kenako analitsitsa msanga.

“Mayi awa ndi amisala,” anatero Ezekiele akumwetulira. “Atumidwa ndi achipatala, amadana ndi sayansi yatsopano.”

“Sayansi? Chabwino. Kachitsulo kanuko kagwiritseni mbuzi iyo ili apoyo, tione ngati sikatulutsa impso zofiira. Kapena imwani botolo lonse ndi inu, mutiuze mwaikamo chiyani.”

Anyamata ena anaseka n'kuyamba kukoka mbuzi. Ezekiele anatseka laputopu. Apo Shamim anagwira tebulo n'kuligubuduza. Mabotolo anasweka, madzi a buluu anayenderera m'fumbi, ndipo ena omwe sanasweke anawaponda ndi chidendene limodzilimodzi, magalasi n'kumucheka phazi kudzera m'patapata. Sanamve. Anamugwira Ezekiele gawuni, gawuniyo inang'ambika n'kutsala m'manja mwake. Pomwe akomiti ya msika ankamugwira Shamim, munthu uja anali atakwera njinga yake ndi laputopu kukhwapa. Apolisi anamva mbali ya Shamim, analemba, anamufunafuna Ezekiele, koma nambala yake ya foni inali itazima ndipo dzinalo silinali lake. Patapita miyezi ingapo wina anati anamuona mbali ya ku Salima, atavala gawuni yatsopano, madzi ake ali obiriwira.

Ena pamsika paja anamuthokoza Shamim. Ena anamutukwana kuti wawathamangitsira dokotala asanamalize mabotolo awo.

Clifford anakayezetsa yekha, osauza munthu. Anabwera ku Mtakataka, anaima kutsogolo kwa benchi, n'kunena motsitsa kuti naye ndi wosunga.

“Ndikudziwa,” anatero Shamim akuyeza usipa m'mbale. “Ndakhala ndikudziwa kuchokera tsiku lija. Mwakawauza amayi anu?”

“Ndi okalamba. Zingawapweteke.”

“Ine sizinandipweteke? Munandisiya ndinyamule imfa ya Wisdom ndekha, azimayi akukana chakudya changa pamaliro a mwana wanga. Pitani mukaime pakhonde pomwe paja, munene mokweza ngati momwe ankanenera iwo. Mukatero mubwere tilankhule.”

Clifford sanakanene. Mpaka lero aNabanda amauza anthu kuti Nano akanagwira ntchito mkazi wa kunyanja akanapanda kusokoneza. Clifford amatumiza mpunga kudzera kwa akabaza. Shamim amaulandira chifukwa ndi wa ana, koma mwini wake samulola kukhala pabenchi. Akafuna kuona Ulemu amamuonera pabwalo, Shamim ali pomwepo.

Ulemu anayambanso kuyenda, mokoka mwendo. Dzanja lamanja silinabwerere. Anaphunzira kulemba ndi lamanzere, anabwereza kalasi, ndipo mawu ake amamveka, kupatula akatopa. Amapita ku Lilongwe pafupipafupi kuposa kale. Tsiku lina anafunsa amayi ake ngati ndi iye analakwa posaulula pa foni. Shamim anamuuza kuti akadzafunsanso zimenezo adzamukwapula, kenako analowa m'nyumba n'kukhalamo nthawi yaitali.

Pa benchi paja, mayi aliyense wodutsa ndi mwana wa maso achikasu kapena wa zala zotupa samudutsa bwinobwino. Shamim amamuimitsa, amamufunsa, amamuuza dzina loti akatchule kuchipatala, ndipo akaona kuti akuzengereza amamukweza yekha minibasi. Salankhula mokoma. Ena amathawa, ena amabwera kudzathokoza. Kumzikiti anapempha ashehe kuti azinena za kuyezetsa magazi anthu asanamange ukwati wa nikaha. Ashehe anati aganizira. Iye amawakumbutsa Lachisanu lililonse.

Chaka chatha kunabwera mnyamata wofuna Alice, dzina lake Laston, wowotcherera zitsulo, wakhalidwe, woti aliyense anamuyamikira. Alice anali atayezedwa kale, ndipo ndi wosunga ngati makolo ake. Ankhoswe a mbali zonse atakhala pamkeka kuti ayambe kukambirana, Shamim anatuluka m'nyumba, zomwe mayi wa mtsikana sachita, n'kunena kuti pasakambidwe kanthu mnyamatayo asanabayidwe chala.

Amalume a Laston anakwiya. “Mukuti m'banja mwathu muli matenda?”

“Sindikudziwa. Inunso simukudziwa. N'chifukwa chake ndikuti akayezetse.”

“Ife sitinabwere kudzanyozedwa.”

“Ndiye nyamukani. Ine ndinaika mwana m'manda chifukwa cha anthu oopa kunyozedwa.”

Ananyamukadi. Laston anatumiza uthenga kwa Alice kuti iye alibe vuto ndi kuyezetsa, koma sangachite zonyozetsa amalume ake, adikire mitima itsike. Mitima sinatsike. Miyezi ingapo yapitayo tinamva kuti wafunsira kwina.

Alice salankhula ndi amayi ake kupatula za malonda. Amakhala mbali imodzi ya benchi, Shamim mbali inayo, kupatsirana chenje osayang'anana. Achimwene a Shamim anamuuza kuti akapepese kwa ankhoswe aja, mwina zinthu zingabwerere. Iye anakana.

“Andikwiyire,” anatero. “Akadzafuna, ndidzamuperekeza ndekha kwa mwamuna wina aliyense, Msilamu, Mkhristu, wa kunyanja, wa kumapiri. Koma ayambe wadutsa kuchipatala.”

Alice anamva, chifukwa anali pomwepo akupepeta mpunga. Anapitiriza kupepeta.